Sikirini yakuda si maliro a kompyuta

Sabata ino yokha anthu atatu alowa mu shopu yanga atanyamula kompyuta ngati akupititsa wodwala kuchipatala, ndipo onse mawu ake ndi amodzi: "Achimwene, ndinaika driver ya NVIDIA pa Linux, nditayatsanso kwangoti bii." Ndikafunsa kumene anaitenga driver imeneyo, yomwe ndi pulogalamu yoyendetsa khadi ya zithunzi ya m'kompyuta, yankho ndimakhala ndikulidziwa asanatsegule pakamwa. Anapita kwa NVIDIA komweko, anatsitsa fayilo ija yothera ndi .run, ya mamegabaiti oposa 300, bandulo n'kutheratu, kenaka anaiyendetsa monga anazolowera pa Windows. Pakamwa pandiwawa nayo nkhaniyi, komabe ndiinenanso.

Pa Linux driver sitola m'tchire. Linux ya mtundu wa Ubuntu ili nayo kale m'nkhokwe yake ya mapulogalamu, Linux Mint chimodzimodzi. Pa Ubuntu tsegulani Additional Drivers, pa Mint ndi Driver Manager. Okonda kulemba malamulo mu terminal, ubuntu-drivers devices ikuuzani khadi yomwe muli nayo ndi driver yoyenera, ndipo sudo ubuntu-drivers install imamaliza ntchito. Ngati khadi yanu ndi ya AMD kapena Intel, musatsitse kanthu, zake zili kale mu kernel, womwe ndi mtima wa Linux, ndi mu Mesa, mapulogalamu a zithunzi omwe amabwera ndi Linux. Za amenewo ndathera pomwepa.

Vuto la fayilo ya .run ndi loti kachigawo kena ka driver ya NVIDIA kamasokedwa molingana ndi kernel yomwe muli nayo tsiku limenelo, ngati telala woyeza mwana lero. Mwanayo amakula. Kernel imasinthidwa pafupipafupi, ndipo ikasintha, chovala chija sichilowanso. Pali chida chotchedwa DKMS chomwe chimasokanso kachigawoko kernel ikangosintha, koma pamene fayilo ya .run ikufunsa za icho, anthu amangochidumpha osawerenga. N'chifukwa chake ena amandiuza kuti zonse zinali bwinobwino kwa sabata ziwiri, kenaka m'mawa wina kompyuta inangofa yokha. Sinafe yokha ayi, usiku wake munalola update. Choipa china n'chakuti apt, chida choikira mapulogalamu a m'nkhokwe ija, sadziwa kuti mafayilo amenewo alipo. Ndiye munthu ataona mdima amathamangira kuikanso driver ya m'nkhokwe pamwamba pa ija, ndipo atambala awiri salira m'khola limodzi.

Palinso Secure Boot. Chitetezo chimenechi chikakhala choyaka, makompyuta a masiku ano salola kachigawo kalikonse kulowa mu kernel popanda siginecha yodziwika. Ubuntu imapereka madriver a NVIDIA osainidwa kale, chomwe ndi chifukwa chinanso chogwiritsira ntchito ubuntu-drivers. Koma driver ikamangidwa ndi DKMS pa kompyuta yanu, mumapemphedwa kupanga pasiwedi, ndipo mukayatsanso pamabwera sikirini ya buluu yolembedwa za MOK, kiyi yomwe kompyuta yanu yasainira driver ija. Sikirini imeneyo imakudikirani masekondi ochepa chabe. Muyenera kudina batani, kusankha Enroll MOK, kuvomera, n'kulemba pasiwedi ija. Anthu ambiri amaiona ngati vuto, amasankha Continue boot, kapena amakhala atapita kukathira tiyi. Driver ilimo, koma yatsekeredwa kunja kwa mpanda. Pangani pasiwediyo ya zilembo zosavuta, chifukwa polemba sizioneka, ndipo mudzaigwiritsa ntchito kamodzi kokha.

Pa Secure Boot pomwepa pali nkhani yomwe imandisowetsabe tulo. Mtsikana wina wa chaka chomaliza ku yunivesite anali ndi laputopu yokhala ndi Windows mbali ina, Linux mbali ina. Anaika driver, anadumpha sikirini ya buluu ija, Linux n'kuyamba kuvuta. Anandiimbira Lachisanu madzulo. Ndinali nditatopa, ndinamuuza kuti abwere Lolemba. Iye sakanatha kudikira, lipoti la kafukufuku wake linali pafupi kuperekedwa, ndiye Loweruka anapita kwa mnyamata wina wokonza mafoni pamsika. Mnyamatayo analowa mu BIOS, momwe mumasinthidwa zoyambira za kompyuta, n'kuzimitsa Secure Boot. Linux inadzukadi, ndipo mpaka apa sindimunena kwambiri, ambiri amatero. Koma Windows ija inali yokhomedwa ndi BitLocker, loko wa Windows wobisa zonse za pa disiki, ndipo BitLocker ikaona kuti Secure Boot yasinthidwa imakayikira kuti kwabwera wakuba, n'kufunsa kiyi ya manambala 48. Mtsikanayo sanaidziwe kiyiyo. Mnyamata uja anati hadi disiki yawonongeka, mankhwala ake n'kufomata. Anafomata disiki yonse, mbali zonse ziwiri.

Lolemba anafika kwa ine ndi laputopu yoyera ngati mbale yotsuka. Mayankho a mafunso omwe anayenda nawo m'midzi miyezi itatu anali mbali ya Windows. Anandifunsa mwaulemu kwambiri, "Bambo, palibe njira iliyonse?" Panalibe. Disiki ya BitLocker ikafufutidwa n'kulembedwapo zina, ngakhale mapulogalamu obweza mafayilo amangotola zinyalala zosawerengeka. Chomwe chimandipweteka n'chakuti kungoyatsanso Secure Boot kukanatsegula Windows nthawi yomweyo, ndipo kiyi ya manambala 48 ija nthawi zambiri imakhala itasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya mwini kompyuta, moti akanatha kuiona pa foni yake. Ntchito ya mphindi zisanu. Ndikanangomuuza pa foni Lachisanu lija kuti asalole munthu aliyense kutchula mawu oti kufomata. Kuyambira pamenepo ndimawauza onse, ngakhale andiimbire pakati pa usiku.

Tsono mukaona mdima, manja pansi kaye. Dinani Ctrl, Alt ndi F3 pamodzi. Pakabwera malo olembapo dzina ndi pasiwedi, kompyuta yanu ili moyo, mafayilo anu onse alipo, changofa ndi chojambula zithunzi. Lembani nvidia-smi. Ikadandaula kuti yalephera kulankhulana ndi driver, funsani mokutil --sb-state kuti muone ngati Secure Boot ili yoyaka, ndiponso dkms status kuti muone ngati driver inamangidwira kernel yomwe mukuyendera. Ngati munadumpha sikirini ya buluu pa Ubuntu kapena Mint, sudo mokutil --import /var/lib/shim-signed/mok/MOK.der imaibweretsanso mukayatsa. Ngati munaika ya .run, ichotseni ndi sudo nvidia-uninstall musanaike ina iliyonse. Zikakana zonsezi, poyatsa gwirani Shift kapena dinani Esc kuti GRUB, mndandanda wosankhira choyatsa, ioneke, lowani mu Advanced options, sankhani kernel yakale. Kawirikawiri imeneyo imadzuka, n'kukupatsani mpata wokonza muli pa kuwala. Ndipo musayambe kuika driver pa desktop yopanda UPS, batire yothandiza magetsi akathima, nthawi yomwe mukudziwa kuti magetsi amathima kwanuko. Akazima ili pakati, chotsatira ndi sudo dpkg --configure -a, osati kufomata.

Ena vuto lawo si kaikidwe, ndi khadi yeniyeniyo. Makompyuta ambiri omwe timagula kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo NVIDIA imasiya makhadi akale m'mbuyo. Makhadi a banja la Fermi anathera pa driver 390, a Kepler pa 470. Kuika driver yatsopano pa khadi yotere n'kungotaya bandulo, siiona n'komwe. GT 730 ndiye imasokoneza kwambiri, chifukwa dzina ndi limodzi koma ina mkati ndi Fermi, ina ndi Kepler. Lamulo la lspci ndi limene limaulula. Madriver otsekula omwe NVIDIA inatulutsa mu 2022 amayambira pa banja la Turing, monga GTX 1650 ndi RTX 2060, choncho mwini GTX 1060 asasankhe yolembedwa open. Khadi ikakalamba kwambiri, isiyeni pa nouveau, driver yaulere yomwe imabwera ndi Linux. Pa masewera ndi yofooka, koma kulemba ndi kuwerenga imakwanitsa.

Ndiye pali makhadi achinyengo. Mwezi watha wina anabwera ndi khadi yolembedwa GTX 1050 Ti, yogula motchipa mokayikitsa, atalimbana nayo masiku anayi akuganiza kuti Linux ndiyo yovuta. Ndinangoitembenuza n'kuona kabowo ka buluu ka VGA kumbuyo. Makhadi a banja la Pascal anasiya kutulutsa chithunzi cha mtundu umenewo. Achinyengo amatenga tchipi yakale ngati ya GTS 450, n'kuisintha kuti izidzitchula dzina latsopano, ndiye driver yatsopano ikafuna kulankhula nayo imapeza nkhalamba yovala yunifolomu ya mwana wasukulu. Titachotsa fani tinawerenga nambala yolembedwa pa tchipi, ndipo inali ya Fermi. Anafunsa kuti ndiike driver iti. Ndinamuuza kuti afunefune kaye lisiti.