Manolis Glezos sanapatsidwe mpando ngati mphotho

Ndaphunzitsa mbiri ya ndale za ku Ulaya kwa zaka zambiri, ndipo pali yankho limodzi limene landikwana. Ndikafunsa za Manolis Glezos, ophunzira amati ndi mnyamata uja anatsitsa mbendera ya a Nazi ku Athens, kenako dziko la Greece linamuthokoza pomupatsa mpando ku Nyumba ya Malamulo. Ndikamva zimenezi ndimaika choko pansi. Anamuthokoza ndani?

Za usiku wa pa 30 Meyi 1941 sindichedwapo. Iye ndi mnzake Apostolos Santas, onse asanakwanitse zaka 20, anakwera phiri la Acropolis n'kuthothola mbenderayo. Chonde, dzina la Santas musamalisiye. Koma umenewo ndi usiku umodzi, pamene munthuyu anakhala m'ndale zaka zoposa 70.

Asilikali a Germany anachoka ku Athens mu 1944, atapha kale mng'ono wake Nikos. Nkhondo yapachiweniweni itabuka, khoti la dziko lake lomwe linagamula mu 1948 kuti Glezos aphedwe chifukwa cha ndale zake zachikomyunizimu. Anthu a m'mayiko ena atachita phokoso, chilangocho chinasinthidwa mu 1950 n'kukhala ndende ya moyo wonse. Mu 1951 anthu anamusankha kukhala phungu wa chipani cha EDA ali m'chitokosi. Sanapite kukalumbira atavala suti. Anayamba kukana chakudya kuti aphungu anzake amene anali m'ndende ndi amene boma linawathamangitsira ku zilumba amasulidwe. Mu 1958 anamumanganso pomunamizira ukazitape, ndipo mu 1961 anamusankhanso ali m'ndende momwemo. Asilikali atalanda boma pa 21 Epulo 1967, anali m'gulu la oyamba kutengedwa. Mukawonkhetsa, ndende yokha inamudyera zaka zoposa 11.

Ulamuliro wa asilikali utatha, analowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1981 ndi mu 1985 pa tikiti ya chipani cha PASOK. Mu 1986 anausiya yekha mpandowo n'kupita kwawo ku Apeiranthos, pachilumba cha Naxos, kukatsogolera khonsolo ya mudzi, kumene ankafuna kuti anthu onse azisonkhana n'kumagamula okha nkhani zawo.

Nkhani imene imandisowetsa mtendere mpaka lero ndi ya 2015. Glezos anali atapatsa chipani cha Syriza dzina lake ndi imvi zake. Mu 2014 anapambana mpando ku Nyumba ya Malamulo ya Ulaya ali ndi zaka 91, ndi mavoti oposa 400,000, kuposa wina aliyense ku Greece. Anthu amene penshoni zawo zinadulidwa anakhulupirira Alexis Tsipras, mtsogoleri wa Syriza pa nthawiyo, mwa zina, chifukwa ankaona mkulu uyu ataima pambali pake. Chipanicho chinalowa m'boma mu Januwale 2015 chitalonjeza kung'amba mapangano a ngongole. Pasanathe mwezi, pa 20 Febuluwale, boma linagwirizana ndi okongoza kuti mapanganowo apitirire. Glezos analemba poyera kuti kusintha mayina a zinthu sikusintha zinthuzo, ndipo anapepesa kwa anthu a ku Greece chifukwa chotenga nawo mbali powapatsa chiyembekezo chabodza.

Ndimalemekeza kupepesa kumeneko ndi mtima wonse. Komabe ndimadzifunsa: munthu amene anaona maboma ambiri chotere, sanaone bwanji kuti dzina lake likugwira ntchito imene mfundo zachuma za chipanicho sizikanatha kugwira? Pa Acropolis panafunika anthu awiri ndi mdima. M'Nyumba ya Malamulo pamafunika mavoti, ndalama m'thumba la boma ndi mabanki otsegula, ndipo mu Julaye chaka chomwecho mabanki a ku Greece anali otseka. Kulimba mtima kwake sikukanawatsegula.

Tsono chenjerani ndi akatswiri odziika okha a pa Facebook ndi YouTube. Amatenga chithunzi cha Glezos cha mu 2010, atamuthira utsi wokhetsa misozi kumaso panja pa Nyumba ya Malamulo, n'kulembapo mawu amene afuna, opanda tsiku, opanda malo. Ena amamusandutsa woyera mtima wosalakwa, ena kazitape wa Moscow. Munthu akakupatsani mawu a wandale, mufunseni kuti ananenedwa liti, kuti, ndipo analemba ndani. Akalephera kuyankha, musawatumize kwa wina. Mawu abodza akayenda chaka chimodzi amalowa m'mayeso a ophunzira anga, ndipo kuwachotsamo ndi ntchito yowawa.

Kuchedwa nakonso kumapha nkhani. Kwa zaka zambiri Glezos ankaumirira kuti Germany ibweze ngongole imene inakakamiza Greece kupereka mu 1942 ndiponso ilipire chipukuta misozi. Germany imati nkhaniyi inatha ndi mapangano a 1960 ndi 1990. Nyumba ya Malamulo ya Greece inavota mu Epulo 2019 kuti boma lifunse ndalamazo mwalamulo, mboni zambiri zitatsikira kale kulichete. Glezos anamwalira pa 30 Malichi 2020 ali ndi zaka 97, ngongoleyo isanabwezedwe, ndipo chifukwa cha mliri wa korona kumanda kunafika anthu owerengeka chabe.