Mbiri ya mpira wamiyendo ku America ndi ndalama za pa wailesi yakanema

Ku United States kuli mkangano wa zaka zambiri wokhudza malo a mpira wamiyendo pakati pa masewero ena. Ena amati mpirawu wakula kale ndipo ukulimbana ndi baseball, pomwe ena amaloza ndalama zimene mawailesi akanema amalipira n'kunena kuti kukulako ndi kwa pakamwa chabe. Mu 2021 ligi ya NFL, imene imayendetsa American football, inasaina migwirizano ya zaka 11 ndi CBS, Fox, NBC, ESPN ndi Amazon ya ndalama pafupifupi madola 110 biliyoni, kutanthauza madola 10 biliyoni pachaka. Chaka chotsatira ligi ya mpira wamiyendo ya MLS inagwirizana ndi kampani ya Apple pa madola 250 miliyoni pachaka, limene ndi gawo limodzi mwa magawo 40 a ndalama za NFL. Komabe m'chaka chomwecho cha 2022, anthu pafupifupi 26 miliyoni m'dzikomo anaonera ndime yomaliza ya World Cup pakati pa Argentina ndi France ngakhale timu yawo inali itatuluka kale mu mpikisanowo. Mpira wamiyendo uli ndi owonera ambiri ku America, koma ndalama zake zimamwazikana, ndipo zifukwa zake zinayamba kalekale kanema asanabwere.

Pa 6 Novembala 1869 ophunzira a ku mayunivesite a Rutgers ndi Princeton anasewera masewero amene lero amawerengedwa ngati oyamba a American football, koma malamulo amene anatsatira anali ofanana kwambiri ndi a mpira wamiyendo, chifukwa mpira unali wobulungira ndipo kuthamanga nawo m'manja kunali koletsedwa. Zinthu zinatembenuka mu 1874 pamene ophunzira a ku Harvard anakumana ndi a ku McGill ochokera ku Canada n'kukopeka ndi malamulo a rugby. Masukulu ena otchuka anatsatira Harvard, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880 Walter Camp wa ku Yale anabweretsa malamulo amene anadula masewerowo m'tizigawo tifupitifupi, chilichonse chokhala ndi poyambira ndi poimira. Apa mpira wamiyendo unataya masukulu, ndipo kutayako kunali kwakukulu chifukwa ku America sukulu ndiyo imalera wosewera komanso sapota. Munthu amachemerera timu ya sekondale ya m'tauni mwake Lachisanu madzulo, ya yunivesite Loweruka, ya NFL Lamlungu, ndipo amakula akuona kuti umu ndi mmene sabata imayendera.

Mpira wamiyendo unapeza malo kwina, pakati pa anthu obwera kudzagwira ntchito m'mafakitale: ku Fall River m'chigawo cha Massachusetts, ku Kearny m'chigawo cha New Jersey, ku Bethlehem m'chigawo cha Pennsylvania kumene kunali fakitale ya zitsulo, komanso ku St. Louis. Mu 1921 kunakhazikitsidwa American Soccer League, imene inkalipira bwino moti inakopa osewera ambiri a ku Scotland mpaka akuluakulu a mpira kumeneko anakadandaula ku FIFA. Mu 1928 ligiyo inakangana ndi bungwe loyendetsa mpira m'dzikomo pa nkhani ya mpikisano wa chikho, matimu ena anachotsedwa, ligi ina yopikisana nayo inayambika, ndipo mkanganowo usanazizire bwinobwino chuma cha dziko chinagwa mu 1929. Mafakitale amene ankathandiza matimu anatsekedwa kapena kuchepetsa antchito, ndipo pofika 1933 ligiyo inali itatha. Osewera amene inawalera ndi amene anafikitsa dzikolo mu semifainolo ya World Cup yoyamba ku Uruguay mu 1930. Pamene America inagonjetsa England 1–0 ku Belo Horizonte m'dziko la Brazil pa World Cup ya 1950 ndi chigoli cha Joe Gaetjens, mtolankhani wa ku America amene analipo anali mmodzi yekha, wa nyuzipepala ya ku St. Louis, ndipo anadzilipirira yekha ulendowo. Dzikolo silinafikenso ku World Cup mpaka 1990.

Zaka 40 zimenezo ndi zomwezo zimene kanema inalowa m'nyumba za anthu n'kusankha masewero ake. Mu Disembala 1958 ndime yomaliza ya NFL pakati pa Baltimore Colts ndi New York Giants inaonetsedwa m'dziko lonse pa NBC, inapitirira nthawi yake, ndipo anthu pafupifupi 45 miliyoni anaionera. Pete Rozelle, amene anakhala mkulu wa ligiyo mu 1960, anaona pamene panali phindu. Iye ananyengerera eni matimu kuti agulitse ufulu woonetsa masewero onse pamodzi n'kugawana ndalamazo mofanana, ndipo khoti litaletsa zimenezi, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la Sports Broadcasting Act mu 1961 lolola malonda otere. Mgwirizano woyamba ndi CBS unali wa madola ochepera 5 miliyoni pachaka. Kuchokera pamenepo tauni yaing'ono ngati Green Bay inayamba kulandira ndalama za kanema zofanana ndi New York, ndipo ligi yonse inakula pamodzi. Super Bowl, ndime yomaliza yopezera katswiri wa American football, inayamba mu 1967, masewero a Lolemba usiku pa ABC mu 1970, ndipo pofika 1972 kafukufuku wa maganizo a anthu wa kampani ya Gallup ankaonetsa kuti American football yaposa baseball pa kukondedwa.

Malamulo a Walter Camp aja anapindula kwambiri pa nthawiyi. Masewero a NFL amatenga maola oposa atatu, koma nyuzipepala ya Wall Street Journal itawerengera mu 2010 inapeza kuti nthawi imene mpira umakhala ukuseweredwa ndi mphindi pafupifupi 11 zokha. Nthawi yotsalayo ndi mipata, ndipo mpata uliwonse ndi malo ogulitsa kwa otsatsa malonda. Pa Super Bowl ya 2024, imene inaoneredwa ndi anthu oposa 123 miliyoni, uthenga wamalonda wa masekondi 30 unkagulidwa pafupifupi madola 7 miliyoni. Mpira wamiyendo umathamanga mphindi 45 osaima, ndipo wailesi imene yaugula imakhala ndi nthawi yopuma yokha kuti ibweze ndalama zake.

Vuto limeneli linaonekera poyera mu 1967 pamene CBS inayamba kuonetsa ligi yatsopano ya mpira wamiyendo. Woyimbira wina, Peter Rhodes, anaulula kuti ankayimba wezulo pa zolakwa zimene sizinachitike kuti wailesiyo ipeze mpata woika mauthenga amalonda. Chaka chotsatira maligi awiri amene ankalimbana anaphatikizana kupanga North American Soccer League, ndipo timu yoyamba kutenga ukatswiri inali Atlanta Chiefs ya mphunzitsi Phil Woosnam, imene m'zaka zimenezo inali ndi osewera a ku Zambia Emment Kapengwe, Freddie Mwila ndi Howard Mwikuta, komanso Kaizer Motaung wa ku South Africa, amene atabwerera kwawo anatenga dzina la timuyo n'kuyambitsa Kaizer Chiefs mu 1970. Ligi ya ku America ija inatsika kuchoka pa matimu 17 kufika pa 5 m'chaka chimodzi. Inadzukanso mu 1975 pamene New York Cosmos, ndi ndalama za kampani ya Warner Communications, inabweretsa Pelé, kenako Giorgio Chinaglia ndi Franz Beckenbauer. Mu Ogasiti 1977 anthu 77,691 anadzaza bwalo la Giants Stadium kudzaonera Cosmos, ndipo eni matimu, poona khamulo, anachulukitsa matimu kufika pa 24 mu 1978. Koma ABC itatenga ligiyo mu 1979 owonera pa kanema anali ochepa, wailesiyo inabwerera m'mbuyo, ndipo matimu amene anawononga ndalama pofuna kufanana ndi Cosmos analibe poti n'kutsamira. Ligiyo inatha itasewera chaka cha 1984 ndi matimu 9.

Chimene chinatsala chinali ana. Mabungwe a mpira wa achinyamata monga AYSO, limene linayamba ku California mu 1964, anafalikira m'madera a anthu opeza bwino, ndipo lamulo la Title IX la 1972, loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'masukulu olandira ndalama za boma, linatsegulira atsikana khomo la masewero. Pa 4 Julaye 1988 FIFA inapereka World Cup ya 1994 kwa America, ndi lamulo lakuti dzikolo likhazikitse ligi yeniyeni. Mpikisanowo unalowetsa anthu pafupifupi 3.6 miliyoni m'mabwalo pa masewero 52, chiwerengero chimene mipikisano yonse yotsatira kufika ya ku Qatar mu 2022 sinachipitirire ngakhale inali ndi masewero 64. ABC ndi ESPN anapezanso njira yolemekeza mpirawo: anaonetsa masewero osawadula, n'kumaika chizindikiro cha kampani yolipira pambali pa wotchi.

MLS inayamba mu 1996 ndi matimu 10 ndipo inayesa kaye kusangalatsa anthu ozolowera masewero ena, ndi wotchi yowerenga chobwerera komanso kukana kuti masewero athere pofanana mphamvu. Zimenezi zinakhumudwitsa okonda mpira enieni popanda kukopa atsopano, ndipo zinasiyidwa chaka cha 1999 chitatha. Mu 2002 matimu awiri a ku Florida anatsekedwa, ndipo ligiyo inapulumuka chifukwa cha anthu ochepa olemera, makamaka Lamar Hunt, Robert Kraft ndi Philip Anschutz, amene nthawi ina ankayendetsa matimu 6 yekha. M'zaka zimenezo mawailesi sankalipira kanthu kuti aonetse MLS, ndipo ufulu woonetsa World Cup ya 2002 ndi 2006 m'Chingerezi unagulidwa ndi eni MLS omwewo mawailesi akuluakulu atauzemba. Kubwera kwa David Beckham mu 2007, mabwalo omangidwira mpira wamiyendo wokha, ndiponso kubwera kwa Lionel Messi ku Inter Miami mu 2023 zinasintha nkhope ya ligiyo, moti San Diego inalipira madola 500 miliyoni kuti ikhale timu ya nambala 30.

Apa ndi pamene kufanizira MLS ndi NFL kumasocheretsa. Wofuna kuona American football yapamwamba kwambiri alibe kwina kopita koma ku NFL, ndipo NBA, imene mu 2024 inasaina migwirizano ya madola pafupifupi 76 biliyoni ya zaka 11, ndi kumene osewera basketball onse aluso padziko amafuna kufika. Wokonda mpira wamiyendo ku America ali ndi zosankha zambiri, ndipo zabwino koposa zili kunja kwa dziko lake. NBC inagula Premier League ya ku England pa madola 250 miliyoni kwa zaka zitatu kuyambira 2013, kenako pa madola pafupifupi 1 biliyoni kwa zaka 6, ndipo mu 2021 inavomera kulipira madola 2.7 biliyoni kwa zaka zina 6. Nthawi imathandizanso, chifukwa masewero oyamba 3 koloko masana ku England amaoneka 10 koloko mmawa ku New York, pamene palibe masewero a ku America olimbana nawo. CBS imalipira madola 250 miliyoni pachaka pa Champions League ndi mipikisano ina ya UEFA, ESPN madola pafupifupi 175 miliyoni pa ligi ya ku Spain, ndipo kwa zaka zambiri ligi yooneredwa kwambiri m'dzikomo yakhala ya ku Mexico, pa mawailesi a Chisipanishi monga Univision. Tikaphatikiza Premier League, UEFA, ligi ya ku Spain ndi MLS zokha, ndalama zimapitirira madola 1 biliyoni pachaka, kuposa madola pafupifupi 625 miliyoni amene ligi ya ice hockey ya NHL imalandira ku mawailesi a dziko lonse a ku America. Zambiri mwa ndalamazo zimawoloka nyanja kukalipira osewera a ku Manchester ndi ku Madrid.

Kafukufuku wa Gallup wa kumapeto kwa 2023 anapeza kuti anthu 41 pa 100 aliwonse amakonda koposa kuonera American football, 10 baseball, 9 basketball, ndipo 5 mpira wamiyendo. Funsolo limalola yankho limodzi lokha, choncho silimuona munthu amene amadzuka mmawa kuonera Arsenal n'kumaliza tsiku ndi NFL, koma limasonyeza bwino kutalika kwa mtunda umene watsala. Pa chifukwa chimenechi ndimaona kuti MLS inalipira mtengo waukulu posamukira ku Apple mu 2023. Inapeza ndalama zoposa kawiri madola 90 miliyoni amene mgwirizano wakale unkabweretsa pachaka, koma poti masewero ambiri ankaoneka pa intaneti kwa olipira okha, anabisika kwa munthu wongodutsa pa kanema, amene ndi yemweyo ligi yofuna kukula imamusowa. NFL, ndi chuma chake chonse, imasungabe masewero ake ambiri pa mawailesi aulere.

Mbali imene America ili pakati penipeni pa mpira wa dziko lonse ndi ya amayi. Timu ya dzikolo yatenga World Cup kanayi, mu 1991, 1999, 2015 ndi 2019. Ndime yomaliza ya 1999 inadzaza bwalo la Rose Bowl ndi anthu 90,185, ndipo ya 2015 yolimbana ndi Japan inaoneredwa ndi anthu oposa 25 miliyoni pa Fox. Ligi ya NWSL, imene inabwera maligi awiri a amayi atalephera, inasaina mu 2023 mgwirizano wa madola 240 miliyoni wa zaka zinayi ndi CBS, ESPN, Amazon ndi Scripps. Ndalamazo ndi zochepa poyerekeza ndi za amuna, koma mu ligi imeneyi osewera apamwamba amachoka kwawo kupita ku America, monga zimakhalira ku NBA. Mu 2024 Temwa Chawinga wa ku Malawi anagoletsa zigoli 20 ku Kansas City Current, kuposa wina aliyense m'mbiri ya ligiyo pa chaka chimodzi, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse, pomwe Barbra Banda wa ku Zambia anagoletsa chigoli chimene chinapatsa Orlando Pride ukatswiri pogonjetsa Washington Spirit 1–0.