Ku Maine ntchito zikusowa anthu

Ambirife tikamva kuti ulova watsika m'dera lina timangoti kumeneko zinthu zikuyenda. Chigawo cha Maine, chomwe chili kumpoto chakum'mawa kwa America m'malire ndi Canada, chikuonetsa kuti si nthawi zonse. Kwa zaka zingapo tsopano, kupatula nyengo ya Covid-19, ulova kumeneko wakhala pa anthu pafupifupi atatu mwa 100 aliwonse. Komatu eni mahotela, zipatala ndi nyumba zosamalira okalamba amangodandaula kuti anthu oti awalembe ntchito sakupezeka.

Nkhani yagona pa kawerengedwe. Akatswiri akamawerenga ulova amangotenga anthu amene akugwira ntchito ndi amene akuifunafuna. Munthu akapuma pantchito chifukwa cha ukalamba, kapena akasamukira kwina, amachoka m'chiwerengerocho. Choncho dera likhoza kukhala ndi ulova wochepa pamene manja ogwira ntchito akucheperachepera.

Ku Maine ndi mmene zilili. Mwa zigawo zonse za America, ku Maine ndi kumene kuli anthu achikulire kwambiri: pafupifupi theka la anthu ake apitirira zaka 45. Yerekezani ndi Malawi, kumene pafupifupi theka la anthu sanakwanitse zaka 18. Kwa zaka zoposa khumi, omwalira ku Maine akhala akuchuluka kuposa obadwa chaka chilichonse. Kalembera wa 2020 adapeza anthu 1.36 miliyoni, ndipo chiwerengerochi chikakwera ndiye kuti chakwera ndi alendo obwera kudzakhazikika.

Vutoli laluma kwambiri kumpoto kwa chigawochi. Boma la Aroostook, lotchuka ndi ulimi wa mbatatesi, linali ndi anthu 106,000 m'chaka cha 1960, koma pofika 2020 adatsala 67,000. Kale sukulu zinkatsekedwa kwa masabata angapo kuti ana akatole mbatatesi m'minda. Lero makina akugwira ntchito imene inkafuna mabanja athunthu. Kenaka mu 1994 malo a asilikali a ndege a Loring adatsekedwa, ndipo asilikali adapita limodzi ndi ndalama zimene ankasiya m'masitolo ndi kwa eni nyumba za lendi.

M'matauni a mafakitale a mapepala nkhani ndi yowawa koposa. Tauni ya Millinocket idamangidwa pakati pa nkhalango cha m'ma 1900 ndi kampani ya Great Northern Paper, ndipo mwana womaliza sekondale ankalowa pageti pomwe bambo ake ankalowera, n'kumalandira malipiro okwanira kumanga nyumba. Fakitaleyo idatsekedwa mu 2008, inzake ya ku East Millinocket mu 2014. Ya ku Bucksport idatseka mu 2014 momwemo, ya ku Madison mu 2016, ya ku Jay mu 2023. Chifukwa chimodzi chachikulu n'chakuti nyuzipepala ndi magazini zidayamba kuwerengedwa pa intaneti, msika wa mapepala osindikizira n'kugwa.

Fakitale ikatseka ulova umakwera kwa chaka chimodzi kapena ziwiri. Kenaka achinyamata amamanga akatundu, otsala n'kukhala okalamba. Mitengo ya nyumba imagwa, msonkho umene khonsolo imatolera pa nyumba ndi fakitale umachepa, sukulu zimaphatikizidwa. Pamapeto pake chiwerengero cha ulova chimatsikanso, wina amene akuwerenga lipoti ali kutali n'kumati tauniyo yachira.

Kummwera, cha ku Portland ndi m'mphepete mwa nyanja, kuli vuto la mtundu wina. Nthawi ya Covid-19 kudafika anthu ochokera ku Boston ndi New York ogwira ntchito zawo pa kompyuta ali kunyumba. Adakweza chiwerengero cha anthu, adakwezanso mitengo ya nyumba, moti namwino kapena wophika mu lesitilanti akapeza ntchito amasowa pogona. Kafukufuku wa boma wa 2023 adati chigawochi chikufunika nyumba zina pafupifupi 80,000 pofika 2030.

Atsogoleri akudziwa. Mu 2019 boma la bwanamkubwa Janet Mills lidatulutsa ndondomeko ya zaka khumi yofuna kuonjezera anthu 75,000 ogwira ntchito. Ine ndikuona kuti chiwerengero chotere sichingakwane popanda anthu obadwira kunja, ndipo umboni ulipo kale. Anthu a ku Somalia adayamba kukhazikika ku Lewiston mu 2001, tauni ya mafakitale a nsalu imene inali itafota, ndipo ena adatsegula masitolo m'nyumba zomwe zinali zopanda anthu.

Koma malamulo olowera m'dziko amapangidwa ku Washington, osati ku Maine. Mu 2019 anthu mazanamazana othawa kwawo ku Angola ndi ku Democratic Republic of Congo adafika ku Portland, mzinda n'kuwagoneka m'holo yamasewero ya Portland Expo. Ambiri anali a msinkhu wogwira ntchito. Lamulo linkati wopempha chitetezo adikire masiku osachepera 180 asanapatsidwe chilolezo chogwirira ntchito, choncho kwa miyezi yambiri ankadya za thandizo la mzinda, pamene mahotela a m'misewu yoyandikana nayo ankasowa oyala mabedi ndi otsuka mbale.