Payipi ya oil cooler ikamadontha, musaimange ndi mphira

Sabata yatha bambo wina wa ku Mufakose, dera la mumzinda wa Harare, anabwera kugalaja kwathu ndi galimoto yake yochokera ku Japan, kunsi kwa injini kuli noninoni. "Amisiri, ndikuthira lita imodzi ya oyilo sabata iliyonse," anatero. Nditasuzumira ndi tochi ndinapeza payipi ya oil cooler itakulungidwa ndi mphira wa chubu, waya atamupotokola pamwamba. Mtima unandipweteka, chifukwa injini zambiri zomwe ndaziona zitafa zinayamba chonchi.

Oil cooler ndi karediyeta kakang'ono koziziritsa oyilo. Oyilo amachoka pafupi ndi fyuluta, kudutsa m'payipi kupita kukazizira, n'kubwerera mu injini. Poyenda amatentha pafupifupi madigiri 100, ndipo pampu imamukankha ndi mphamvu ya bar 2 mpaka 4 (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankhira), kuposanso pamenepo m'mawa injini isanatenthe. Mphira wa chubu sangapirire zimenezi. Payipi ikaphulika muli pa Simon Mazorodze Road, oyilo yense amathera pamsewu m'mphindi zochepa, mabering'i n'kupsa. Nyali yofiira ya oyilo ikayaka, imani pomwepo, zimitsani injini.

Koma musathamangire kugula payipi. Oyilo amatsetsereka kuchokera pamwamba, ndipo mphepo imamuulutsira kumbuyo, choncho pomwe panyowa si pomwe pabooka nthawi zonse. Ine ndimayamba ndatsuka malo onsewo ndi palafini injini itazizira, kuumitsa, kenako kuwaza paudala wa ana m'payipi monse. Ndikaliza injini kwa mphindi 10, kamzere kakuda kamaonekera pa paudalapo, ndipo ndimakalondola mpaka pamwamba pomwe kayambira. Kawirikawiri kamayambira pomwe labala walumikizana ndi chitsulo, pamene anafinya kufakitale. Labala wokalamba amauma, kung'aluka, kapena kutupa n'kufewa mukamutsina. Nthawi zina payipi ili bwinobwino, cholakwa ndi O-ring, kamkombero ka labala kotseka polumikizira, kapena wasala wa kopa wa pabawuti, kanthu kotchipa kwambiri. Samalani manja ndi fani ndi lamba injini ikamalira.

Tsegulaninso chivindikiro cha rediyeta, injini itazizira. Madzi akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwina cooler yeniyeniyo yabooka mkati, pa galimoto zomwe oyilo amazizira ndi madzi, kapena ndi gasketi, chotsekera cha pakati pa mutu ndi thupi la injini. Imeneyo ndi nkhani ina.

Pokonza, chotsani payipiyo muitenge ngati chitsanzo. Mukaisowa m'masitolo a sipeya a mu Kaguvi Street, pitani kwa okonza mapayipi a hydraulic ku Graniteside kapena Southerton akakufinyireni yatsopano, yopirira oyilo wotentha. Yakale ya ku msika wa Magaba sindiilimbikitsa, popeza labala wake ndi wokalamba ngati wanu yemweyo. Payipi ya madzi ayi, oyilo amaidya. Ngakhale a Toyota, pa injini zina za mtundu wa 2GR-FE, anasiya payipi ya labala n'kuika yachitsulo.

Ikani mawasala atsopano, yambani kumanga ndi dzanja mazinga asapingasane, ndipo onetsetsani kuti payipi sikukhuza chitsulo chilichonse kapena ekizozi. Thirani oyilo, lizani injini, zimitsani, dikirani pang'ono, yezaninso ndi dipstick, kachitsulo koyezera oyilo. Bambo aja ndinawauza kuti aziyala katoni kunsi kwa galimoto usiku kwa masiku atatu. Dzulo anditumizira chithunzi cha katoniyo pa WhatsApp, ili youma.