Namwino wa ku fiyeta akayamba kuona ngati ntchito yake ilibe phindu

Mayi akabereka kudzera pa opaleshoni, amakumbukira dokotala, amakumbukiranso namwino wa mu wodi amene anamugwira dzanja pomudzutsa tsiku loyamba. Koma uja anaima pafupi naye ku fiyeta, chipinda chochitira opaleshoni, nkhope itabisika m'masiki, samudziwa n'komwe. Ndagwira ntchito ku fiyeta zaka zambiri, ndipo anzanga amenewa ndimawadera nkhawa.

Ntchito yawo ndi iyi. Dokotala asanang'ambe, namwino amawerenga mokweza zida zonse, singano ndi tinsalu topukutira magazi. Asanatseke pamimba amawerenganso, pomaliza n'kubwerezanso. Kansalu kamodzi kakasowa, iyeyo ndiye amati, "Adokotala, musatseke, sitinakwane." Mawu amenewa ndi olemera. Ukuwauza munthu wamkulu kwa iwe, wotopa, mwina pakati pa usiku, panja pali mayi wina akudikira mwana ali pangozi. Namwinoyo waima maola angapo osakhala pansi, osamwa madzi, manja osakhudza chilichonse chosaphitsidwa, ngakhale kudzikanda pamphuno.

Kutopa kumene ndikunena kuno si kuja kumatha munthu akagona Loweruka lonse. Pachingerezi amati burnout. Katswiri wa zamaganizo, Herbert Freudenberger, analemba za vutoli mu 1974 ataliona mwa anthu ongodzipereka pa kachipatala kaulere ku New York. Mu 2019 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalongosola kuti si matenda, koma vuto lobwera chifukwa cha kupanikizika kwa pantchito kumene kwakhalitsa popanda kukonzedwa. Linatchula zizindikiro zitatu: kutheratu mphamvu, mtima kuchoka pa ntchito, ndi kudziona ngati sukuthanso kanthu.

Ziwiri zoyambazo achibale amaziona msanga. Munthu amene ankaseka akafika pakhomo tsopano amangolowa kuchipinda. Odwala sawatchulanso ngati anthu, amangoti "chophukacho" kapena "wa pa bedi 4".

Chachitatu ndicho chimandiopsa, chifukwa chimabisala. Namwino wa mu wodi amaona wodwala akuyamba kudya, akuyenda, akutuluka atanyamula chikwama. Wa ku fiyeta amangoona munthu ali chigonere, n'kumukankha pa tirole, basi. Opaleshoni ikayenda bwino, uthenga subwerera kwa iye. Ikavuta, bala likachita mafinya, m'pamene amaitanidwa kukafotokoza. Ndiye taganizani zaka zisanu ukungomva za zolakwika zokhazokha. Pang'ono ndi pang'ono umayamba kukhulupirira kuti ndiwe dzanja chabe lopatsira sizasi. Ndipo munthu wodziona choncho, akakayikira kuti kansalu kasowa, amayamba wadzifunsa ngati mwina walakwitsa kuwerenga ndi iye, n'kukhala chete. Apa kutopa kwa namwino kwasanduka ngozi ya wodwala.

N'chifukwa chake sindigwirizana ndi kumangowauza kuti "limbani mtima, munaisankha nokha." Olimba mtimawo ndi amene amapsa msanga, chifukwa ndiwo savuta kuwapempha kuti apitirize shifiti ya mnzawo, ndipo ndiwo amalowa lokamu, ntchito yowonjezera yolipidwa padera, tsiku lopuma kuti ndalama ya sukulu ya ana ikwane. Muzu wake uli m'kayendetsedwe ka ntchito: anthu ochepa, kuitanidwa usiku kenako n'kuyembekezeka m'mawa, magolovesi kapena ulusi wosokera kutha, kukalipiridwa pamaso pa ophunzira.

Zina zimafuna ndalama, koma zina ayi. Mu 2008 WHO inatulutsa ndandanda ya mfundo 19 zotsata pa opaleshoni, ndipo imodzi imati asanayambe kung'amba, aliyense m'chipindamo atchule dzina lake ndi ntchito yake. Ena amaiona ngati yotayitsa nthawi. Ine ndaona kuti namwino amene walankhulapo kale kamodzi, savutika kulankhulanso zinthu zikasokonekera. Wodwala akamwalira pa tebulo, gulu lonse likhale pansi ngakhale mphindi khumi lisanaitane wotsatira. Ndipo adokotala, mukadutsa ku fiyeta, auzeni anamwino kuti mwana uja wa matumbo opotana wayamba kuyamwa.

Kwa inu anamwino ndi achibale awo: ngati tulo sitikubwera kwa masabata, chakudya sichikulowa, mowa wayamba kuchuluka, kapena mukubwera maganizo ofuna kudzipha, izi zapitirira kutopa kwa ntchito. Akhoza kukhala matenda okhumudwa, ndipo amachizika. Onanani ndi namwino wa matenda a maganizo pa chipatala cha boma, kapena pitani ku Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ngati mukuopa kuti anzanu a pantchito akuonani pa mzere, pitani ku chipatala china, koma pitani sabata yomweyo.