Kevin, Saoirse ndi Fiadh: zimene mayina a ana a ku Ireland amanena

Pafupifupi parishi iliyonse kwathu kuno ili ndi a Kevin ndi a Bridget, ndipo ambiri timangoti amenewa ndi mayina achingerezi. Si choncho. Kwawo ndi ku Ireland, ndipo anabadwira m'chilankhulo chimene eni ake amachitcha Gaeilge. Kuno anafika ndi ubatizo, chifukwa ndi mayina a oyera, komanso ansembe a kumeneko akhala pakati pathu nthawi yaitali, monga a bungwe la amishoni la ku Kiltegan amene atumikira m'dayosizi ya Mzuzu.

Kevin kwawo amalembedwa Caoimhín. Tsinde lake ndi caomh, munthu wofatsa ndi wokondeka, ndipo amene anatchukitsa dzinali ndi woyera wa ku Glendalough. La atsikana lochokera pa tsinde lomweli ndi Caoimhe, lotchulidwa kuti Kiiva. Bridget ndi Brigid, woyera wa ku Kildare, ndipo dzinali limatanthauza wokwezeka. Tsiku lake ndi 1 February, ndipo kuyambira 2023 dzikolo lili ndi tchuthi chomukumbukira. Koma Patrick ndi mlendo: dzina lake ndi lochokera ku Chilatini, ndipo mwini wakeyo anabadwira ku Britain.

Monga mphunzitsi wa zilankhulo, chimene chimandiwawa ndi kumva anthu akuti mayinawa amalembedwa mosokonekera. Ali ndi malamulo ake, kungoti si malamulo a Chingerezi. Zilembo mh ndi bh zikakhala pamodzi zimamveka ngati v kapena w. N'chifukwa chake Niamh, kutanthauza kuwala, amatchulidwa Niiv, ndipo Siobhán ndi Shivoon. Chilembo s chikagundana ndi e kapena i chimasanduka sh. Zilembo aoi zimamveka ngati i wokoka, choncho Aoife, dzina limene limamasuliridwa kuti kukongola, ndi Iifa. Mukagwira malamulo atatuwa, mayina ambiri muwawerenga osapunthwa. Ife amene timadziwa kuti mlendo amavutika ndi ng'ombe tisamafulumire kuseka kalembedwe ka anzathu.

Bungwe la boma loona za chiwerengero, Central Statistics Office, limatulutsa chaka chilichonse mayina amene makolo apatsa ana awo. Kwa anyamata, Jack anakhala pamwamba zaka zambiri kuyambira 2007, ndipo limeneli ndi lachingerezi ndithu. Koma mu 2021 dzina loyamba kwa atsikana linali Fiadh, lotchulidwa Fiya, limene limanena za chinthu chakutchire, chosawetedwa. Chimenechi si chinthu chaching'ono m'dziko limene chilankhulo chake chinatsala pang'ono kufa. Pa ulamuliro wa Britain, makamaka itadutsa njala yaikulu ya 1845 mpaka 1852, mabanja ambiri anasiya Gaeilge poona kuti ntchito ndi ulendo wa ku America zikufuna Chingerezi. Mayina nawo anasinthidwa kuti amveke achingerezi. Kholo lopatsa mwana dzina lakuti Fiadh lero likubweza chimene agogo ake anakakamizika kutaya.

Saoirse, lotchulidwa Siirsha, ndi liwu wamba lotanthauza ufulu. Linayamba kuperekedwa kwa ana cha m'ma 1920, nthawi imene dzikolo linkadzichotsa m'manja mwa Britain, ndipo lero dziko lonse limalidziwa chifukwa cha katswiri wa mafilimu Saoirse Ronan. Mayina otere, onena za nyengo imene mwana wabadwira, ife sitikuwadabwa.

Langa lapamtima ndi Oisín, lotchulidwa Oshiin. Os ndi gwape, ndipo -ín wa kumapetoyo amachepetsa chinthu monga amachitira ka- m'Chichewa, ndiye dzinali likuti kagwape. Nthano yake imati mayi ake, Sadhbh, anasandutsidwa gwape ndi munthu wamatsenga, ndipo bambo ake, ngwazi Fionn mac Cumhaill, anadzamupeza mwanayo kutchire patapita zaka. Atakula, Niamh anamutenga kupita naye ku Tír na nÓg, dziko limene anthu sakalamba. Ku Ireland ana amaphunzira nthano imeneyi kusukulu, kotero Oisín ndi Niamh akakhala m'kalasi imodzi anzawo amadziwa nkhani yonse. Dzina lakuti Fionn limatanthauza woyera tsitsi, pamene Ciarán ndi Ciara akuchokera ku ciar, wakuda.

Ena ndi obwereka amene anazika mizu. Seán ndi Yohane, wobwera ndi Anomani olankhula Chifalansa amene analowa m'dzikolo mu 1169. Liam ndi chidule cha Uilliam, kapena kuti William.

Makolo amene muli ku Dublin, Cork kapena kwina ndipo mukufuna dzina lotere, samalani kamzere ka pamwamba pa chilembo, kotchedwa fada. Kamatalikitsa liwu ndipo kamasintha tanthauzo: Seán ndi dzina, koma sean wopanda kamzere ndi chinthu chakale kapena chokalamba. Polembetsa mwana, onetsetsani kuti kalembedwa pa chikalata cha kubadwa, chifukwa pasipoti ndi mapepala a kusukulu adzatsata zimene zili pamenepo.