Spring reverb ya pakompyuta: mafunso ndi mayankho pa lamulo la m'situdiyo

Ambiri mwa Amalawi ojambula nyimbo kuno ku Joni tilibe nyumba zenizeni zojambuliramo. Situdiyo ndi kachipinda kakuseri kwa nyumba ku Rosettenville kapena fulati yalendi ku Berea: laputopu patebulo, maikolofoni imodzi, bulangete lopachikidwa pakhoma. Mawu ojambulidwa m'malo otere amatuluka ouma, ndiye aliyense amathamangira reverb, mchira wa mawu womveka ngati muli m'chipinda chachikulu, ndipo masiku ano ambiri akopeka ndi maplugin, timapulogalamu towonjezera pa pulogalamu yojambulira, otsanzira spring reverb yakale. Kwa aliyense wogwiritsa ntchito chipinda changa ndinaika lamulo lalifupi. Spring ikhale pa send yakeyake (njira yapadera yomwe mumatumizako gawo la mawu a chida), idulidwe mawu apansi, ndipo zida zolowamo zisapose zitatu pa nyimbo imodzi. Mafunso otsatirawa ndi omwe amabwera anthu akangomva lamuloli.

Achimwene, spring reverb ikusiyana pati ndi reverb yomwe ili kale mu pulogalamu yojambulira ya FL Studio?

Reverb wamba imafuna mukhulupirire kuti woimba waima m'holo kapena m'tchalitchi. Spring siyesa n'komwe kutsanzira chipinda. Chida chenichenicho ndi kabokosi kachitsulo komwe mkati mwake amangamo masipuling'i awiri kapena atatu. Mbali imodzi kuli kachipangizo kosandutsa mawu kukhala kunjenjemera kopotokola sipuling'i, mbali inayo kuli kena kotola kunjenjemerako n'kukubweza kukhala mawu. Mawu amayenda pawayapo, kugunda kumapeto, kubwerera, kugundanso, mpaka kuzilala. Koma mawu okwera ndi otsika sathamanga liwiro limodzi pa sipuling'i, choncho kugunda kumodzi kwa snare, ng'oma yaing'ono yolira mwakuthwa, kumatuluka kutamwazikana, n'kumamveka ngati madzi akudonthera m'ndowa yachitsulo. Kudontha kumeneko ndiko anthu amakufuna.

Chidachi chinayambira pa organ. Laurens Hammond wa ku America anakalembetsa luso limeneli mu 1939, chifukwa ma organ ake ankamveka ouma m'nyumba zing'onozing'ono. Mu 1961 kampani ya Fender inatulutsa bokosi la oimba gitala lotchedwa 6G15, ndipo mu 1963 inaika spring mkati mwa amp yotchedwa Vibroverb. Oimba magitala a surf ku California, monga Dick Dale, anaikonda kwambiri. Koma ife khutu lathu linaidziwira ku Jamaica. M'zaka za m'ma 1970 King Tubby, m'situdiyo yake ku Waterhouse mumzinda wa Kingston, ankaponya snare mu spring, nthawi zina kumenya kabokosiko ndi dzanja kuti kagunde ngati bingu. Lee Perry ku Black Ark ankachitanso zakezake. Aliyense amene anakulira pa reggae ya pa wailesi kumudzi anamvapo phokoso limeneli, ngakhale sankadziwa dzina lake.

Kodi plugin ingafanane ndi bokosi lenileni?

Zimatengera mmene anaipangira, ndipo njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi convolution: amalowetsa kaphokoso kakafupi m'bokosi lenileni, kujambula zotulukazo, ndiye kompyuta imaveka kamvekedwe komweko pa mawu anu. Fayilo yotereyi imatchedwa impulse response, ndipo mukhoza kuiika mu Fruity Convolver ya FL Studio kapena Space Designer ya Logic. Mtundu wa mawu umafanana ndithu, koma fayiloyo sisintha khalidwe. Kaya mwamenya snare mofatsa kaya mwaukali, yankho ndi lomwelo, kungokwera ndi kutsika.

Njira yachiwiri ndi yowerengera masamu a sipuling'i yeniyeniyo ndi magetsi oiyendetsa. Rev SPRING-636 ya Arturia imatsanzira bokosi lakale la ku Britain lotchedwa Grampian 636, pamodzi ndi kukalipa kwa preamp yake, gawo lokweza mawu asanalowe mu sipuling'i, mukaikankha. Twangström ya u-he ndi Spring Reverb ya Softube zimakulolani kusankha chiwerengero cha masipuling'i ndi kuwagwedeza. Universal Audio ili ndi yotsanzira AKG BX 20, spring yaikulu ya m'situdiyo yomwe ndi yofatsa, yosadontha kwambiri. Pa reggae ndi dub, mtundu wa reggae wosewera ndi echo ndi reverb, ine ndimakonda zowerengera masamuzi, chifukwa zimayankha mphamvu ya dzanja la woimba. Pa gitala yongoperekeza kumbuyo, convolution imakwanira, ndipo nyimbo ikatha kusakanizidwa palibe womvera amene adzakufunseni.

Chifukwa chiyani mumakakamira send? Kuika pa insert, pa chida chenichenicho, n'kosavuta.

N'kosavuta, inde, koma mukaika pa insert mawu enieni ndi mawu a reverb amamangidwa pamodzi. Mukafuna kuchepetsa kuthwa kwa reverb, mwachepetsanso kuthwa kwa gitala. Pa send, spring imakhala ndi fader yake yokwezera ndi kutsitsira voliyumu, EQ yake yodulira mawu okwera kapena otsika, ndipo mukhoza kuikankhira kumanzere pomwe gitala ili kumanja. Kumbukirani kuika mix ya plugin pa 100% wet, kutanthauza reverb yokhayokha, apo ayi mukhala mukubwereza mawu enieni kawiri n'kumadabwa kuti gitala yakwera bwanji.

Chifukwa chachikulu, komabe, ndi kaimbidwe ka dub. Akatswiri a ku Kingston aja sankasiya spring ili chitsegukire nyimbo yonse. Ankatsegula send pa kugunda kumodzi kwa snare, n'kutseka msanga, mchira wa mawuwo n'kumalira wokha m'mpata wotsatira. Pa kompyuta mumachita zomwezo ndi automation, kulamula kompyuta kuti izikweza ndi kutsitsa yokha: jambulani send ikwere pa snare yomaliza ya bar yachinayi kapena yachisanu ndi chitatu, kwinako ikhale pansi. Kapena ilumikizeni ku kakonono (knob) ka MIDI controller n'kuiimba ndi dzanja nyimbo ikuyenda, zomwe zimatuluka zamoyo kuposa kujambula ndi mouse. Ndiye chifukwa chake ndimati spring muziitenga ngati woimba wina m'gulu, amene ali ndi nthawi yolowa ndi nthawi yokhala chete.

Pali malo amodzi pomwe ndimalola insert: gitala yamagetsi yomwe mukufuna imveke ngati ya m'ma 1960. Bokosi la Fender lija linkakhala pakati pa gitala ndi amp, kotero reverb nayo inkadutsa mu amp n'kudetsedwa. Ikani spring patsogolo pa plugin ya amp, mumva kusiyana.

Nanga kudula mawu apansi, n'kwa chiyani?

Sipuling'i ikalandira mawu olemera imagwedezeka mopanda dongosolo, ndipo zotuluka ndi matope. Plugin yabwino imatsanzira matope omwewo mokhulupirika. Ndiye ikani EQ patsogolo pa spring pa send pomwepo, osati pambuyo pokha, mudule zonse za pansi pa 250 Hz kapena 300 Hz. Kick ndi bezi zisalowemo. Log drum ya amapiano, yomwe anyamata ambiri kuno amafuna kuika m'nyimbo iliyonse ngakhale yauzimu, isayandikire n'komwe. Mphamvu yake ili pa kugunda kouma, ndipo ikangonyowa, m'masipika a mu taxi imamveka ngati chitseko chikugwedera.

Kumwamba nthawi zambiri simuvutika, chifukwa spring payokha ilibe mawu okwera kwambiri. Ngati ikuboola khutu, fufuzani pakati pa 2 kHz ndi 4 kHz n'kutsitsako pang'ono. Mukatha, mverani nyimbo mu mono. Bokosi lakale linali la mono, maplugin ena amalitambasula kukhala stereo, ndipo anthu athu ambiri adzaimvera nyimboyo pa sipika ya foni itatumizidwa pa WhatsApp.

Ndi zida ziti zitatu zomwe mungasankhe?

Snare kapena rimshot, gitala yodula ya reggae ija, ndi organ kapena lipenga. Zonsezi mawu ake ndi aafupi, amasiya mpata woti mchira umveke. Gitala yothyola nsambo imodziimodzi, monga timaimbira kwathu, imakomanso ndi spring yochepa kwambiri, bola woimba asathamange, chifukwa manotsi akachuluka kudontha kwa lina kumagwera pa linzake.

Tili ndi kwaya ya mpingo yofuna kujambula Loweruka. Tiike spring pa mawu?

Ayi. Kwaya imafuna chipinda, ndiye ipatseni reverb ya mtundu wa hall kapena plate. Spring imasandutsa "s" ndi "ch" aliyense kukhala kachitsulo, ndipo m'Chichewa zilembo zimenezi zili paliponse. Anthu makumi awiri akaimba "chisomo" pamodzi mudzamva nokha. Woimba mmodzi pa nyimbo ya reggae ndi nkhani ina: mukhoza kuponya liwu lomaliza la mzere mu spring, mutaika de-esser, plugin yochepetsa kuthwa kwa "s", patsogolo pake.

Makonono a Dwell, Tone ndi Mix amatani, ndipo decay, kutalika kwa mchira, ndiike yaitali bwanji?

Mayina atatuwa anachokera pa bokosi la Fender, pomwe panalembedwa Dwell, Mixer ndi Tone. Dwell ndi mphamvu yomwe mukukankhira mawu mu sipuling'i. Mukaikweza, kudontha kumakula, mchira umamveka wautali, ndipo mawu amayamba kuda. Anthu ambiri amakweza Dwell pofuna reverb yambiri, pamene chomwe akufuna ndi fader. Yambani ndi Dwell yapakati, mukweze pokhapokha mukufuna ukali.

Bokosi la Fender lija linalibe kakonono ka decay. Kutalika kwa mchira kunkatengera masipuling'i omwe munagula. Maplugin amakupatsani ufulu umenewo, koma ugwiritseni ntchito poyang'ana tempo. Gawani 60,000 ndi BPM (ma beat pa mphindi imodzi) kuti mupeze kutalika kwa beat imodzi mu ms (1,000 ms ndi sekondi imodzi). Reggae ya 75 BPM ili ndi 800 ms pa beat, choncho mchira wa masekondi awiri uli ndi malo opumira. Nyimbo ya 112 BPM ili ndi pafupifupi 536 ms, ndipo mchira womwewo udzakwirira kugunda kotsatira. Ngati mukufuna kamvekedwe ka dub kenikeni, ikani delay, plugin yobwereza mawu, patsogolo pa spring, kuti kubwereza kulikonse kudonthe pakokha. Roland RE-201 Space Echo ya mu 1974 inatchuka chifukwa inali ndi echo ya tepi ndi spring m'bokosi limodzi.

Nanga batani logwedeza masipuling'i lija?

Kamodzi pa nyimbo. Mwina kawiri ngati ndi dub yeniyeni. Tsitsaninso voliyumu musanalikhudze, makamaka mutavala mahedifoni.

Mnzanga ali ndi plugin ya crack, yotsegulidwa mwakuba, pa flash. Vuto lili pati?

M'chipinda changa sizilowa. Kuno ku South Africa mapulogalamu a kompyuta amatetezedwa ndi Copyright Act ya 1978, ndipo mlendo m'dziko la eni safunika kudzionjezera milandu. Kupatula lamulo, mafayilo otere nthawi zambiri amabwera ndi mavairasi, ndipo laputopu yomwe muli nyimbo za makasitomala si malo oyeserapo mwayi.

Njira zoyera zilipo. Makampani ambiri amapereka demo yoyesera musanagule, ndipo mitengo imatsika kwambiri pa Black Friday mu Novembala. Mukagula, dziwani kuti mwagula chilolezo chogwiritsa ntchito, chomangidwa ku akaunti yanu. Softube imagwiritsa ntchito akaunti ya iLok, Arturia ili ndi pulogalamu yakeyake yotsegulira. Werengani kuti laisensi ikulola makompyuta angati, ndipo musanagulitse laputopu kapena kuitumiza kumudzi pa basi, chotsanimo laisensiyo kaye. Ngati ndalama palibiretu, convolver yomwe ili kale mu pulogalamu yanu ndi impulse response yaulere ya spring zikugwirirani ntchito.

Chinanso: mukamatumiza nyimbo kwa wosakaniza wa ku Blantyre kapena ku Lilongwe, musaganize kuti ali ndi plugin yanuyo. Jambulani send ya spring ikhale fayilo ya WAV payokha, kuyambira pa bar yoyamba, muitumize pamodzi ndi zida zouma.

Kodi opanga plugin ali ndi gawo pa ndalama za nyimbo yanga?

Alibe. Plugin ndi chida, ndipo mukalembetsa nyimbo ku SAMRO ku Braamfontein kapena ku COSOMA kumudzi, mabungwe otolerera oimba ndalama za nyimbo zawo, mumalemba amene anapeka nyimbo ndi mawu ake, osati amene anapanga reverb. Zimasintha mukadula snare yonyowa kale m'chimbale chakale cha dub n'kuiika m'nyimbo yanu. Pamenepo mwatenga chojambula cha mwini wake, ndipo chimafuna chilolezo chake ngakhale chitakhala cha theka la sekondi. Menyani snare yanu, muitumize ku spring yanu.